Namaseko Sanalembe Kunja

1.

Lachitatu, nthawi ya tiyi kuntchito, Namaseko analemba mzere umodzi pagulu.

Namaseko akuthyola nthambi za mango n'kuziyala pamsewu, kutsogolo kwa tiyirumu yake.

Basi. Sanawonjezere kanthu. Koma ndani sadziwa masamba pamsewu? Ngakhale wakabaza amatsika panjinga. Mafoni 112 ananjenjemera m'matumba, m'madirowa, pansi pa makauntala, ndipo tonse tinamwetulira.

Maliro. Mtsikanayu wachenjera tsopano.

2.

Mtawira kulibe. Musavutike kufunsa makondakitala. Ndi lokeshoni ya mawu okhaokha, ili pagulu la pafoni, ndipo tinaimanga tokha mzere ndi mzere kwa zaka zitatu: msika, chigayo, mjigo umene umafa Lolemba lililonse, tchalitchi cha Abusa Mpinganjira chofoleredwa ndi malata akuba. Aliyense ali ndi munthu wake amene amamuyendetsa. Ukalemba kuti Thodwe chidakwa wagwera m'ngalande ndiye kuti wagweradi, ndipo wina amalemba kuti wamuvula nsapato. Zithunzi ndi zoletsedwa. Mayina enieni ndi oletsedwa. Nkhope sitidziwana. Thodwe akhoza kukhala nesi, Abusa akhoza kukhala mtsikana wa kubanki, sitifunsa.

Ukafuna kuyankhula ngati iwe mwini, munthu wamagazi, umayamba ndi liwu limodzi.

Kunja.

Kunja: bwana walowa, ndibweranso. Kunja: magetsi azima. Kunja: mayunitsi atha, tionana mawa.

Chilichonse chopanda liwu limeneli ndi sewero basi.

3.

Kapitawo, mwini gulu, anatopa ndi ulesi wathu. Anthu ankangowerenga osalemba, ngati oonera mpira pamwamba pa mpanda. Ndiye tsiku loyamba la Ogasiti anakhoma chidziwitso:

Wokonza chochitika chosonkhanitsa anthu alandira nyenyezi imodzi pa mlendo aliyense amene walemba mizere itatu.

Mlendo wokometsa kwambiri alandira nyenyezi zisanu.

Wopambana pa mwezi alowa m'nyumba ya mpanda ya kumtunda.

Atatu otsalira pansi asesedwa Lachisanu lomaliza. Pakhomo pali anthu akudikira malo.

Zakunja sizibala nyenyezi.

Kapitawo salakwa.

Nyumba ya mpandayo ndi ndime imodzi ya mawu 80. Muli bafa la madzi otentha, khonde loyang'ana lokeshoni yonse, ndi galu dzina lake Sajeni. Tinkaifuna ngati kuti malata ake ndi enieni.

4.

Zimene zinachitika ku Mtawira mwezi umenewo:

zinkhoswe zinayi

maukwati asanu ndi anayi, awiri a mkwati mmodzi

phwando lokumbukira kubadwa kwa mbuzi

chitsitsimutso cha Abusa Mpinganjira, pomwe munthu wosayenda anayenda, kenaka anakumbukira kuti mwezi watha ankamenya mpira ngati nambala naini

mpikisano wa bawo umene unatha ndi apolisi

ukwati wa mwana wa Mai Zuze, alendo 58, perekaniperekani wa maola atatu, keke inagwera apongozi

Mai Zuze. Mfumukazi ya zochitika, mkamwa motentha, cholembera chakuthwa. Akalowa pamalo, ngakhale ogona amadzuka kudzalemba. Pofika sabata yomaliza anali ndi nyenyezi 71, ndipo tinali titayamba kale kuwapempha kuti adzatiitane kukasamba madzi otentha.

Ndiye panalinso tiyi wa Namaseko.

5.

Lachinayi lililonse, 1 koloko masana. Namaseko akutsegula tiyirumu. Namaseko akupukuta makapu. Namaseko akuika ketulo pambaula n'kukhala pakhomo kudikira.

Ndani angamwe tiyi wa mawu? Wopanda ndewu, wopanda mimba yosadziwika mwini, wopanda keke yogwa? Mtsikanayo ankalemba pang'onopang'ono, zoti nthunzi ikutuluka, zoti masikono afika akadali otentha. Tinkamutchula Mai Makapu. Munthu mmodzi yekha ndiye ankapita, Mai Zuze, ndipo tinkati taonani, pakamwa ndi pamoto koma mtima ndi wabwino.

Takulandirani achemwali, Namaseko ankatero. Ndiike masupuni angati?

Atatu, usandiumire. Shuga wake ndi wa mawu.

Kunyumba mwasiya bwanji?

Ali bwino. Iwe ukapanda kuyambitsa ndewu m'tiyirumu muno, tsache likupeza.

Ndewu sindiitha, achemwali.

Malachinayi anayi, nyenyezi zinayi. Pansi penipeni pa mndandanda. Lachisanu linali kubwera, ndipo tsache silifunsa ngati umalemba bwino.

6.

Iwe dzina lako ndiwe Felesiya, kwanu ndi ku Bilira ku Ntcheu, ndipo chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi ukusita malaya a eni ake ku Joni, m'nyumba ya mpanda weniweni momwe galu amadya nyama pomwe iwe umagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja, momwe sabata yathunthu imatha pakamwa pako osatuluka liwu limodzi la Chichewa kupatula ukapsa ndi simbi, ndiye ukamalemba kuti Namaseko akupukuta makapu sikuti ukusewera ayi, ukutsegula pakamwa, ukukhala pakati pa anthu akwanu amene amadziwa kuti chigayo chimanunkhira bwanji, ndipo Lachiwiri m'mawa uli mkati mokolopa pakhonde foni ikulira, ndi mlongo wako Alufeyo, akuti amayi atisiya, akuti tiika mawa masana chifukwa kuno kulibe kowasunga, ndipo iwe waima ndi chikolopa m'manja ukuwerenga pazala kuti basi imayenda masiku awiri ndi theka, kuti masiku a m'pasipoti anatha kalekale moti ukatuluka paboda subwereranso, kuti ana ako awiri ku Bilira amadya zochokera m'simbi imeneyi, ndipo adona akukugwira paphewa n'kunena m'Chingerezi kuti pepa kwambiri, mawa upume masana onse, ukangomaliza mashiti a alendo

7.

Titafunsa kuti zovutazo ndi za ndani, Namaseko anayankha mwachidule.

Amayi anga, a Nangozo, atisiya dzulo m'mawa. Mwambo uyamba 12 koloko. Bwerani mudzandithandize kulira.

Tinayang'ana kutsogolo kwa uthengawo. Kunja kunalibe.

Ukwati ukhoza kuuthawa. Chinkhoswe ukhoza kunamizira mutu. Koma maliro? Wosapita kumaliro a anzake adzadzikumbira yekha manda, ndipo lamulo limeneli Kapitawo sanachite kulemba, tinabadwa nalo. Anthu amene sanalembe kanthu chiyambire Januwale anatuluka m'mauna mwawo. Aphunzitsi anapatsa ana ntchito yolemba n'kutembenukira kubolodi, foni m'buku. Wina anati Kunja: ndili pamsonkhano koma ndafika.

Titawerenga, tinali anthu 94.

Bwanji ife sitinaganize zimenezi? Maukwati asanu ndi anayi, kuvutika kupeka madiresi, pomwe munthu ukhoza kungopha mayi ako wa mawu n'kudzaza lokeshoni.

8.

Zimene tinabweretsa:

ufa m'thumba lobooka

nkhuni zonyowa

nkhuku imodzi, imene inabedwa kanayi

kwaya ya amayi, mayunifolomu osafanana

mahema awiri otsala pa ukwati wa Mai Zuze, maliboni apinki osachotsa

adzukulu asanu ndi makasu atatu

njala ya nyenyezi zisanu zija, aliyense yake

9.

Ku Joni ndi ku Bilira wotchi ndi imodzi. Foni waikhazika patebulo lositira, waitsamiritsa kubotolo la madzi. Mbali ina mlongo wako, mbali ina ife.

Alufeyo, 12:40. Bokosi silinafike, kalipentala akuti misomali yachepa.

Namaseko, 12:41. Bokosi silinafike. Kalipentala akuti misomali yachepa.

Ife tinafa ndi phwete. Misomali! Uyu ndi katswiri, tinali kumuderera chabe. Kapitawo yemwe analemba kuti Kunja: onani anzanu mmene amachedwetsera nkhani, phunzirani.

Alufeyo, 1:15. Azimayi amaliza kuwasambitsa. Tawafunditsa chitenje cha buluu chimene unatumiza.

Namaseko, 1:16. Awafunditsa chitenje cha buluu chimene Namaseko anawagulira.

Mayi wina wa kwaya akusuzumira, akunong'oneza mnzake kuti chitenje chake ndi chotchipa, chosuluka ukangochapa kamodzi.

Ndi sewero basi.

10.

Thodwe anafika akudzandira, anasuzumira m'manda kuti aone ngati akwana, n'kugweramo. Adzukulu anamutulutsa ndi chingwe cha mbuzi. Atatuluka anafunsa ngati malemu asiya nsapato nambala seveni. Abusa Mpinganjira analalikira kuti a Nangozo sanawaonepo kutchalitchi, ndiye kumene apita tisanene, tingoti kumeneko majuzi safunika. Nkhuku inabedwa kachisanu. Wina analemba kuti mtembo wayetsemula, ndipo azimayi anathawa kusiya masilipasi, mpaka Kapitawo anafufuta mzerewo chifukwa wakufa wa mnzako suloledwa kumuyendetsa.

Kkkkkk. Kkkkkkkk. Pafoni ponse panadzaza ma k.

Namaseko pakati pa zonsezo ankangolemba timizere take. Namaseko wakhala pamphasa. Namaseko akugwira phazi la amayi ake, ndi lozizira. Namaseko akuthokoza a Thodwe chifukwa chobwera.

11.

Mai Zuze anafika mochedwa, monga mwa masiku onse, atavala zakuda ndi magalasi a dzuwa. Tinawapatsa njira.

Mai Zuze akuima pakati pa azimayi, akumanga bwino chitenje. Ine ndili ndi funso limodzi lokha, anthu inu. Mayi awa adwala kuyambira Juni. Mwana wawo ali pamphasayu anali kuti? Anawatembenuzako? Anawamwetsako phala ngakhale supuni imodzi? Kutumiza chitenje ndiye kudwazika? Lero ndiye misozi mbwee, kulira koti anthu aone.

Eeee. Wina analemba kuti moto. Wina anati nyenyezi zisanu zapeza mwini, tiyeni tizipita. Tinadikira kuti Mai Makapu abweze, chifukwa maliro okoma ndi okhala ndi ndewu ya pachibale.

Pamwamba pafoni panaoneka kuti Namaseko akulemba.

Akulemba.

Wasiya.

Akulemba.

Zii.

Mphindi khumi ndi imodzi.

Namaseko sakubweza. Akuyang'ana pansi. Akuti, ndi zoona.

12.

Mphindi khumi ndi imodzi zimenezo unali pansi pa tebulo lositira, thaulo la adona kukamwa kuti galu asamve. Simbi unaisiya pashiti. Fungo ndi limene linakudzutsa.

13.

Tisaname, panali kanthawi kena.

Alufeyo anati tanyamuka, Namaseko anati tanyamuka, ndipo mlonda wa pachigayo, munthu amene tinali titamuiwala kuti aliko, analemba kuti mlonda akuvula chipewa n'kulowetsa phewa pansi pa bokosi. Wina analowetsa lake. Wina. Mayi wina wa kwaya analemba mzere woyamba wa nyimbo ya maliro imene tonse tinaimbapo kwathu, wina analandira wachiwiri, ndipo nyimbo inayenda foni ndi foni, Mzuzu, Zomba, Kasungu, Joni, munthu aliyense mzere wake, osalumphana, osaseka. Thodwe anayenda mowongoka. Azimayi anazungulira Namaseko, uyu wamugwira dzanja, uyu akumukonza duku.

Ena a ife tinalira, m'maofesi, kuseri kwa mashelefu. Aliyense ali ndi wake amene anamuika, ndipo ena ali ndi wawo amene sanakamuike. Tinachita manyazi kulirira mayi wopeka, koma tinalira.

Alufeyo, 3:05. Tatsitsa.

Namaseko, 3:06. Tatsitsa.

Namaseko akutola dothi n'kuponya. Akutembenukira khamu. Akuti zikomo, sindinaganize kuti mubwera chonchi. Amayi anga sanapite okha, ndipo ine sindinakhale ndekha. Mulungu akudalitseni nonse, ngakhale amene anaba nkhuku.

Tinaombera m'manja. Ndi sewero basi, koma linali sewero!

14.

Kapitawo anakhoma mndandanda madzulo omwewo.

Namaseko 98.

Mai Zuze 76, kuphatikizapo zisanu za funso lija.

Kuchoka pansi pa tsache mpaka pakhomo la nyumba ya mpanda, masana amodzi. Woyamba kuyamikira anali Mai Zuze. Wandiposa mwana iwe, analemba, Sajeni uzimupatsa mafupa Lamlungu. Namaseko anayankha kuti nyumba sindinaiganizire, achemwali, bola ndikhala nanu mwezi wamawa.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

15.

Lachinayi ku Mtawira kunagwa mliri. Pofika 10 koloko masamba anali pamisewu itatu. Thodwe anapha amalume ake, Abusa anapha mkulu wa mpingo, mtsikana wina wa pansi pa mndandanda anapha mapasa. Tinapita, chifukwa maliro ndi maliro, koma zinali zozizira. Mabokosi ankafika pa nthawi yake. Ofedwa ankagubuduzika pansi, kung'amba zovala, kukomoka katatu. Palibe amene anaganiza za misomali.

1 koloko itakwana Namaseko anatsegula tiyirumu. Sanapukute makapu. Anangolemba kuti Namaseko wakhala pakhomo. Tsiku limenelo ngakhale Mai Zuze sanapite.

16.

Lachisanu, 12 koloko. Kapitawo.

Kunja: musanayambe kulongedza katundu wa Namaseko, wina wanditumizira umboni kumbali. Lero lokha ndiphwanya lamulo la zithunzi.

Chinali chithunzi cha uthenga wa pafoni, chodulidwa pamwamba ndi pansi kuti wolandira asadziwike. Nambala inali ya Namaseko. Tsiku linali Lachiwiri.

Kunja: amayi anga amwalira m'mawa uno ku Bilira. Aika mawa. Sinditha kupita. Ndilibe munthu aliyense kuno woti akhale nane.

Pansi pake Kapitawo anakopera lamulo lachisanu. Zakunja sizibala nyenyezi.

17.

Aliyense anabwerera m'mwamba kukawerenga zimene analemba Lachitatu. Aliyense anapeza zake. Mizere inayamba kufufutika umodziumodzi, koma onse tinali titaiona kale.

Manyazi sakhalitsa pagulu. Akakula amafuna pogwera.

Thodwe: Kunja: ndiye kuti ndinagwera m'manda a mayi weniweni? Ine ndi munthu wopemphera. Wandichimwitsa mtsikana ameneyu.

Abusa: Kunja: ine ndinanena za majuzi. Ndingakhale bwanji ndi mawu amenewo? Akanatiuza.

Mayi wa kwaya: Kunja: ndinalira misozi yeniyeni, ndimaganiza kuti ndikulira zopeka. Watibera misozi.

Wina: Kunja: kugulitsa mtembo wa mayi ako chifukwa cha nyenyezi, kumeneko ndi kukhwima.

Wina: Kunja: ena amafuna nyumba mpaka kupereka makolo.

Wina: Kunja: funso la Mai Zuze sanayankhetu. Anali kuti?

Liwu la Kunja silinalembedwepo kambiri chonchi chiyambire Mtawira. Tonse tinatuluka m'masewero mwathu, ndi nkhope zathu zenizeni, kudzaponya miyala.

Kenaka Namaseko.

Kunja: pepani nonse. Sindinkafuna nyenyezi, ndinkafuna anthu. Chotsani zonse 94. Nyumba apatseni achemwali. Ingondisiyani ndikhale, sindidzakonzanso chilichonse, ndizingopukuta makapu. Kuno ndilibe kwina koyankhula.

Kapitawo anachotsa 94 monga anapemphera. Zinatsala zinayi. Mndandanda unadzikonza wokha, ndipo dzina lake linabwerera kumene linali.

Mai Zuze analemba mzere umodzi. Kunja: a Kapitawo, timukhululukire, ndi wofedwa.

Kunja: lamulo ndi lamulo mayi. Ndikakhululukira uyu, mwezi wamawa aliyense abwera ndi mtembo wake.

Tinati taonani Mai Zuze, mtima wabwino mpaka mapeto.

18.

5 koloko.

Kapitawo wachotsa Namaseko.

Kamzere kotuwa pakati pa foni, kakang'ono kuposa mzere wa nkhuku yobedwa. Pansi pake panabwera ena atatu olowa. Mmodzi anapempha malo a tiyirumu, anaika mabenchi ndi wailesi, n'kulemba pakhomo kuti mowa ulipo. Masamba pamsewu palibe amene analemba kuti wawachotsa. Tinkangowalumpha.

19.

Mai Zuze akulandira makiyi. Mai Zuze akutsegula geti, Sajeni akugwedeza mchira. Mai Zuze akulowa m'bafa, akutsegula mpope, nthunzi tolo. Mai Zuze akuima pakhonde, lokeshoni yonse ili pansi pa mapazi awo.

Phwando lolowera m'nyumba ndi mawa Loweruka, 2 koloko masana. Kavalidwe ndi koyera. Obwera alembetse.

Mayina anayamba kugwa ngati mvula.

20.

Ine ndimagulitsa utoto ndi misomali m'sitolo ya mwini wake ku Limbe. Ndimakhala m'chipinda chimodzi ku Bangwe, bafa timagawana mabanja asanu, madzi ake otunga kumpope wa aneba. Mai Zuze ndine.

Chithunzi chija ndinachidula ndi zala ziwiri Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro, nthawi yomwe Namaseko anakhala pakhomo la tiyirumu kundidikira. Pamwamba ndinachotsapo mzere umodzi.

Achemwali, ndikuuza inu nokha.

Pansi ndinachotsapo yambiri.

Ndilembe pagulu, achemwali? Mwina andipepesa.

Usalembe Kunja, ndinamuyankha. Ukalemba Kunja akutumizira timanja topemphera n'kubwerera ku ukwati. Yala masamba basi. Abwera onse, akhala nawe mpaka kumanda, ndipo tsache likulumpha.

Si tchimo limenelo?

Tchimo lanji? Maliro n'kulirana.

Lachiwiri ndinkamufunira zabwino. Ndikhoza kulumbira ndi Baibulo. Ndinawerengera kuti abwera anthu makumi atatu, okwana kumuchotsa pansi, ndipo ine ndidzakhala munthu amene ndinamupulumutsa. Lachitatu nditaona akupitirira 70 ndinazindikira kuti nyumba ikundipulumuka, ndipo ndinadziwa pobaya chifukwa anandionetsa yekha. Mu Juni anandilembera kumbali kuti amayi agona, akundiitana, adona akana, ndikapita sindibwerera. Za phala anandiuza yekha. Za chipinda cha kuseri kwa galaja, za simbi, za thaulo, zonse ankandiuza, ndipo ngakhale Lachitatu madzulo anandilembera kuti funso lanu linandipweteka achemwali koma ndikudziwa mumasewera kuti asakayikire.

Ndinamuyankha kuti wamvetsa bwino.

Lero poweruka, ndili m'minibasi, miyendo itapanikizika ndi thumba la makala la eni ake, foni inanjenjemera. Nambala ya ku Joni. Ndinaganiza kuti ndi matemberero, ndipo ndinawafuna, chifukwa munthu akakutukwana nkhani imatha.

Achemwali. Ndinauza inu nokha, ndiye sindikufunsani kanthu. Mawa kumudzi akumeta, 2 koloko. Ine ndimeta ndekha kuno, lezala ndagula. Koma munthu sameta maliro popanda womuona. Simuchita kuyankhula. Mungokhala pafoni mpaka ndimalize. Ndilibe wina.

Ndinawerenga kawiri. Ndinamva chisoni chenicheni, moti kondakitala anandifunsa kawiri kuti ndikutsikira pati. Kenaka ndinatsegula gulu. Olembetsa kuphwando anali atafika 83, ndipo mwezi watsopano nyenyezi zimayambira pa ziro.

Ndinabwerera kwa iye. Pansi pa dzina lake pankaoneka kuti ali pafoni, akudikira.

Ndinamulembera kuti tiona.